Ulendo wa amayi athu okalamba kuchokera ku Mzuzu: kunyanja, Livingstonia kapena Nyika?

Mwana wa ku Chibavi:

Moni nonse. Amayi athu ali ndi zaka 78, amamwa mankhwala a BP ndi a shuga, ndipo bondo lakumanja limawavuta moti amayendera ndodo. Ife ana awo tasonkha kangachepe kuti tiwayendetse pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Vuto ndi loti aliyense ali ndi maganizo ake. Achimwene a ku Joni akuti Nyika, achemwali a ku Lilongwe akuti Livingstonia, adzukulu akuti kunyanja, ndipo ena akuti zonsezi zitheke m'masiku atatu. Tinyamukira muno mu Mzuzu, pa Sienta ya hayala.

Odziwa misewuyi ndi za umoyo wa achikulire, tithandizeni: kotheka ndi kuti, tinyamule chiyani, tiziima pati? Komanso abale amene sabwera akufuna kumaona zithunzi, nawonso amayi amadandaula kuti zithunzi za m'foni zimangosowa osazionanso. Tichite bwanji?

Dalaivala wa M1:

Achimwene, malo atatuwo m'masiku atatu ndi ulendo wa anyamata, osati wa mayi wa zaka 78. Sankhani amodzi, ena adikire.

Nyika ichotseni kaye. Kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Rumphi ndi tala, makilomita pafupifupi 70. Kuchoka pa Rumphi kukafika pa geti la Thazima ndi makilomita opitirira 50, ndiye kuchoka pageti kukafika ku Chelinda ndi enanso pafupifupi 60 a fumbi, miyala ndi mabampu aja ogwedeza mano. Maola anayi kapena asanu muli m'galimoto, ndipo Sienta ndi yotsika pansi, ikagunda mwala ndi mimba mwatsala m'thengo. Bondo lodwala silipirira kugwedezeka kotero. Ngati a ku Joniwo cholinga chawo ndi choti amayi aone nyama, kuli Vwaza. Msasa wa Kazuni uli makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa Rumphi, ndipo mu Okutobala madambo ena amakhala atauma, choncho njovu zimabwera zokha kudzamwa pa nyanja ya Kazuni, mvuu zili momwemo. Munthu amaona atakhala pampando pamthunzi. Tengani ziphaso za unzika chifukwa pageti Amalawi amalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja.

Livingstonia ndi yotheka koma osati tsiku limodzi, komanso osati pa Sienta ngati mukwerera ku Gorodi. Msewu wa Gorodi umayambira pa Chitimba, ndi makilomita pafupifupi 15 okha, koma uli ndi makona 20 okhota ngati chigongono, miyala yoterereka, phompho kumbali. Umafuna galimoto yokwera yokoka mawilo onse anayi, ndi dalaivala wouzolowera. Musanafike n'komwe pa Chitimba mwatsika kale chitunda cha Chiweta, pomwe mumakumana ndi mathiraki a mafuta ndi a malasha. Njira ina ndi yokhotera pa Njakwa, kufupi ndi Rumphi, yomwe imakwera pang'onopang'ono popanda makona oopsawo. Imeneyo ndiyo ya achikulire. Sabata yonyamukayo funsani madalaivala a pa Rumphi kuti ili bwanji, chifukwa msewu umasintha mvula ikangogwa kamodzi.

Ndiye kwatsala kunyanja. Nkhata Bay ili pafupi, makilomita osakwana 50 pa msewu wa M5, ola limodzi. Koma anthu ambiri amaiwala kuti Nkhata Bay ndi yamapiri. Malo ambiri ogona anamangidwa pamatanthwe, kuchoka pomwe mwaimika galimoto kukafika kuchipinda ndi masitepe okhaokha, kukafika kumadzi enanso. Kupatula ku Chikale komwe kuli mchenga, gombe lambiri ndi miyala. Munthu wandodo mupite naye ku Chintheche. Musanalowe pa boma la Nkhata Bay mumakhotera kumanja, kudutsa m'minda ya mitengo ya labala ya ku Vizara, makilomita ena pafupifupi 40. Kumeneko ndi kwa see, mchenga woyera, galimoto imafika pafupi ndi khomo.

Za galimoto. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye ulendo wonse wopita ndi wotsetsereka. Dalaivala wosadziwa amangoponda mabuleki njira yonse. Mabuleki akatentha kwambiri amasiya kugwira, ndipo mafuta ake akawira chopondera chimangolowa pansi ngati mwaponda siponji. Mukamva fungo lopserera muuzeni aime pamalo otetezeka kwa mphindi 20, osathira madzi pamawilo. Choyenera ndi kutsika ndi giya yotsika kuti injini izigwira galimoto. Pa otomatiki achotse pa D aike pa giya yotsikira mapiri, ina imalembedwa B, ina L, S kapena 2.

Dzulo lake muione nokha galimotoyo, musangomva za pafoni. Matayala onse anayi akhale ndi mano, la sipeya likhale ndi mpweya, jeke ndi sipanala zikhalepo, matirayango awiri, inshulansi ndi mapepala ena zikhale zosatha, chifukwa pa rodibuloko kuima theka la ola padzuwa ndi nkhalamba m'galimoto si zabwino. Thirani mafuta odzaza thanki muno m'tauni, musadalire kuti mukapeza kutsogolo. Sienta ili ndi mipando 7 koma musadzaze. Anthu asanu basi, mipando yakumbuyo ipindidwe kuti mulowe katundu. Ubwino wake ndi woti ndi yotsika, amayi sachita kukwera ngati pa minibasi. Akhale kutsogolo, mpando ukankhidwire kumbuyo kuti mwendo utambasuke. Polowa ayambe akhala pansi chammbali miyendo ili panja, kenako alowetse miyendo. Kuyamba ndi mwendo umodzi ndi kumene kumapotokola bondo.

Nyamukani 6 koloko m'mawa kusanatenthe, ndipo pobwerera mukhale mutafika mu Mzuzu dzuwa lisanalowe. Usiku mumsewu umenewu muli njinga zopanda magetsi ndi anthu oyenda m'mphepete.

Namwino wa ku Katoto:

A Dalaivala anena zoona za Chintheche, koma ine tsikulo ndiye landidetsa nkhawa. Okutobala ndi mwezi wotentha kwambiri kunyanja, masana kumapyola madigiri 30, pomwe thupi la amayi lazolowera kuzizira kwa Mzuzu. Pa 15 pomwepo magombe amadzaza, zoimbira zili pokwera, zimbudzi zili pamzere. Ngati n'kotheka chitani mwambo wa Anakubala kunyumba, chitenje apatsidwe, ndiye ulendo ukhale masiku awiri kapena atatu pambuyo pake, pakati pa sabata. Miyezi yabwino kwenikweni ndi Meyi ndi Seputembala. Juni mpaka Ogasiti kumazizira bwino koma mwera umavundula nyanja.

Sabata ziwiri musananyamuke apite ku kiliniki yawo ya BP ndi shuga, buku lawo la kuchipatala lili m'manja, ndipo muwauze adokotala za ulendowu. Akayezedwe BP atakhala komanso ataimirira. Achikulire ambiri BP imatsika akangodzuka, ndiye amachita chizungulire n'kugwa, makamaka kukatentha kapena atakhala nthawi yaitali m'galimoto. Lamulo lake ndi loti galimoto ikaima atulutse miyendo, akhale kaye mphindi imodzi, aimirire atagwira chitseko, awerenge mpaka 20, kenako ayambe kuyenda.

Funsani mayina a mankhwala awo ndipo muwalembe papepala, chifukwa chilichonse chili ndi khalidwe lake paulendo.

Ngati pali aja okodzetsa, monga HCTZ kapena furosemide, dziwani kuti maola oyambirira akangomwa amafuna chimbudzi pafupipafupi. Furosemide ndiye amayamba kugwira ola lisanathe. Apa ndi pomwe achikulire amachita zinthu ziwiri zoopsa mwakachetechete: kusiya mankhwala tsiku la ulendo, kapena kukana kumwa madzi kuti asavutitse ana ndi kuimaima. Sanena, amangoti sindikumva ludzu. Zonsezi ayi. Afunseni adokotala ngati tsiku limenelo angamwe mankhwalawo atafika m'malo mwa m'mawa, musasinthe nokha. Madzi akhale lita imodzi ndi theka mpaka awiri patsiku, pang'onopang'ono, pokhapokha ngati anauzidwa kuchepetsa madzi chifukwa cha mtima kapena impso. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, milomo youma, kapena ayamba kulankhula zosokonekera, madzi achepa m'thupi. Mapaketi a Thanzi ORS akhale m'chikwama, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Ndipo muziima inuyo musanapemphedwe, ola lililonse kapena ola ndi theka, n'kunena kuti ndi dalaivala akufuna kuwongola miyendo. Ayende masitepe angapo. Kukhala malo amodzi maola ambiri kumatupitsa mapazi ndipo magazi amatha kuundana mumtsempha wa mwendo. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kupweteka, musasisite, pitani kuchipatala.

Shuga ndiye amavuta kwambiri paulendo, osati chifukwa chokwera koma chifukwa chotsika. Metformin payekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri. Glibenclamide ndi insulin ndiwo amatsitsa ngati munthu wamwa mankhwala koma chakudya chachedwa. Taganizani: mwanyamuka 6 koloko, amayi amwa mankhwala ndi tiyi yekha, kumalo odyera nsomba ikuchedwa kupsa mpaka 2 koloko. Zizindikiro ndi thukuta lozizira, kunjenjemera, njala yadzidzidzi, kukwiya popanda chifukwa, kuona zinthu mwachimbuuzi. Ngati muli ndi kamakina koyezera, shuga wosakwana 70 (kapena 3.9 pa makina owerenga mwanjira inayo) watsika. Apatseni masupuni atiyi atatu a shuga m'madzi, kapena theka la tambula ya Fanta, osati ija yopanda shuga. Dikirani mphindi 15, yezaninso, bwerezani ngati sanakwere, kenako adye chakudya chenicheni. Akakomoka musawathire kanthu m'kamwa, angatsamwidwe. Agonekeni chammbali, thamangirani kuchipatala. Ndi glibenclamide shuga amatha kutsikanso patapita maola, ndiye ngakhale atsitsimuke akaonedwe ndithu. Choncho phala adye asananyamuke, ndipo m'galimoto mukhale nthochi, mtedza, dzira lowiritsa ndi buledi.

Insulin asaikidwe pa dashibodi kapena m'buti. Akatentha amatha mphamvu, akaundananso amawonongeka. Mu cooler box akulungidwe m'kansalu, asakhudzane ndi ayisi. Mankhwala onse atengedwe a masiku owirikiza kawiri ulendo wanu, m'mapaketi ake olembedwa, m'chikwama chimene chili pamiyendo pawo.

Pa chakudya musawamane kondowole ndi batala, afika kwawo kwa zimenezo. Koma kondowole ndi chinangwa chokhachokha, amakweza shuga msanga. Mtanda ukhale waung'ono ngati chibakera chawo, nsomba ndi chigwada zichuluke, ndipo muwauze ophika achepetse mchere.

Mapazi. Odwala shuga ambiri samva bwino kuphazi. Mchenga wa mu Okutobala masana umawotcha, iwo osamva, madzulo mungoona matuza, ndipo chilonda cha kuphazi kwa munthu wa shuga chimachedwa kupola. Asayende opanda nsapato ngakhale polowa m'madzi. Nsapato ikhale yakale yoizolowera, yotseka kuchidendene, yalabala kunsi. Mapatapata ayi, yatsopano ayi. Madzulo aliwonse wina aone mapazi onse mpaka pakati pa zala.

Malungo musawapeputse. Amishoni a ku Scotland aja anachoka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881, n'kuchokanso ku Bandawe kukwera ku Khondowe, komwe kuli Livingstonia, mu 1894, ndipo chinawathamangitsa kwambiri m'mphepete mwa nyanja ndi malungo omwewa. Tengani neti yanuyanu ndi chingwe, chifukwa za m'malo ogona zina ndi zobooka. Dzuwa likamalowa avale zamanja aatali ndi sokosi, apake mankhwala othamangitsa udzudzu. Malungo saonekera tsiku lomwelo, amatenga sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina kupitirira. Ndiye mukabwerera amayi n'kuyamba kufooka, kukana kudya kapena kusokonezeka mutu, ngakhale thupi lisatenthe kwenikweni, akayezetse tsiku lomwelo ndipo munene kuti anali kunyanja.

Likodzo limachokera ku tizilombo totuluka mu nkhono za m'madzi odekha, makamaka pomwe pali bango ndi udzu. Amene asambe m'nyanja, makamaka adzukulu, akafunse kuchipatala za praziquantel pakatha miyezi iwiri. Kumwa tsiku lotsatira sikuthandiza chifukwa mankhwalawa amapha nyongolotsi zikakula.

Za Vwaza ndiwonjezere: kuli kashembe, ntchentche zofalitsa kaodzera. Zimakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, komanso zimatsatira galimoto yoyenda. Valani zotuwa, magalasi atsekedwe. Ku Nyika ndikugwirizana ndi a Dalaivala pa chifukwa chinanso: Chelinda ili pamtunda wopitirira mamita 2,000, usiku kumazizira ngakhale m'chilimwe, ndipo chipatala cha boma cha Rumphi chili maola angapo kuchokera kumeneko.

Mapiritsi oletsa kusanza m'galimoto musangowagulira. Promethazine ndi Piriton amagonetsa, amasokoneza mutu wa achikulire ndipo amatha kutseka mkodzo. Kukhala kutsogolo, kuyang'ana kutali, galasi lotsegula pang'ono ndi kupewa zamafuta m'mawa zimakwanira kwa ambiri.

Izi zikachitika musadikire kuti kuche: kukamwa kwapotoka, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, mawu sakumveka, chifuwa chikupweteka ngati chapanikizidwa, kapena kupuma kukubanika. Chipatala cha boma cha Nkhata Bay chili ku Mkondezi, m'mbali mwa msewu wobwerera ku Mzuzu, ndipo pa Chintheche palinso chipatala. Ku Livingstonia kuli David Gordon Memorial.

Nyausiska wa ku Luwinga:

Pali kanthu kamene aliyense amachita nako manyazi koma ndi kamene kamawononga ulendo wa achikulire: chimbudzi. Munthu wa bondo lodwala sangathe kunyonyomala, ndipo akanyonyomala kudzuka kumakanika. Poimba foni kumalo ogona musafunse kuti "kuli bwino?" chifukwa aliyense amati kuli bwino. Funsani kuti kuchokera poimika galimoto kukafika pabedi pali masitepe angati, chimbudzi ndi chokhalira kapena ayi, chili m'chipinda momwemo kapena panja, posambira pansi ndi poterera bwanji. Akutumizireni zithunzi pa WhatsApp musanalipire. Panjira nyamulani ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro, zitenje ziwiri zotchingira, sopo ndi chigubu cha madzi osamba m'manja. Mpando wapulasitiki umodzi ulowe m'galimoto. Ndi wokhalira pagombe, ndi wosambiranso kubafa. Usiku tochi ikhale pafupi ndi pilo ndipo mwana wamkazi kapena mdzukulu wamkulu agone nawo chipinda chimodzi, chifukwa kugwa kwambiri kumachitika usiku, malo achilendo, magetsi atazima.

Ndodo imagwiridwa ndi dzanja la mbali yabwino. Poti bondo lovuta ndi lakumanja, ndodo ikhale kumanzere, ndipo chogwirira chifike pamfundo ya dzanja ataimirira manja ali pansi. Kunsi kwake kukhale labala yosatha. Pokwera sitepe utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wodwalawo pamodzi ndi ndodo. Wowathandiza aime kumbuyo pokwera, kutsogolo potsika, osawakoka dzanja. Mumchenga ndodo imamira, ndiye pamenepo agwire mkono wa munthu.

Koma a ku Chibavi, mwatchula zofuna za a ku Joni, a ku Lilongwe ndi adzukulu. Eni akewo akuti chiyani? Afunseni ali okha, osati pa foni ya gulu pomwe angoti chilichonse ana anga. Achikulire ambiri safuna malo okongola, amafuna malo owakumbutsa zinthu kapena munthu amene sanamuone zaka zambiri. Ngati ndi a CCAP, tchalitchi chakale cha Bandawe chili pafupi ndi Chintheche, mungachione m'mawa umodzi popanda kukwera phiri lililonse. Livingstonia ikadzatheka, zoti aone zili pafupipafupi pamalo athyathyathya: Stone House, nyumba ya mmishonale Dr Robert Laws ya mu 1903 yomwe pano muli zinthu zakale, ndi tchalitchi chokhala ndi zenera lagalasi la chithunzi cha David Livingstone. Mathithi a Manchewe, otalika mamita pafupifupi 125, awaonere poonera pamwamba atagwiridwa mkono. Kanjira kotsikira kuphanga la kuseri kwa madzi n'ka achinyamata.

Yambani mwawayesa ndi kaulendo kakang'ono. Loweruka lina apite ku Ekwendeni, makilomita 20 okha, akadye nkhomaliro n'kubwerera. Mudzaona nokha kuti bondo likutupa pakatha nthawi yaitali bwanji, akufuna kuima kangati, ndipo mawa lake adzuka bwanji. Patsiku pakhale chinthu chimodzi chachikulu, chichitike m'mawa, masana agone. Za boti ndi sitima ya Ilala zisiyeni. Madoko ena sitimayo imaima patali, anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono ndi makwerero, mafunde akugwedeza.

Ndalama asunge munthu mmodzi, azilemba chilichonse m'kope n'kujambula tsambalo kutumiza ku gulu madzulo. Mikangano yambiri ya pachibale imayambira pa "tinatumiza zija zinapita kuti". Gawo limodzi mwa magawo asanu lipatulidwe la zadzidzidzi, ndipo zina zikhale m'manja, chifukwa Mpamba ndi Airtel Money zimadalira netiweki komanso kuti wothandizira pamalopo ali ndi ndalama.

Wojambula wa pa Mzuzu:

Ine ndiyankhe za zithunzi. Zimasowa pa zifukwa zitatu: aliyense amajambula pa foni yake osazisonkhanitsa, ena amangoika pa Status pomwe zimafufutika pakatha maola 24, ndipo foni ikadzaza kapena kubedwa zonse zapita.

Sankhani wojambula mmodzi, makamaka mdzukulu wa foni yabwino. Tsegulani gulu la WhatsApp la ulendowu lokha, losiyana ndi lija la maliro ndi zopereka. Madzulo atumize zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zosankhidwa, chilichonse ndi mawu ake: pano ndi pati, ali nawo ndi ndani. Zithunzi 80 zofanana palibe amazitsegula, zimangodya bandulo.

Dziwani kuti WhatsApp imafinya chithunzi. Chomwe chili 3 kapena 4 MB m'foni chimafika kwa winayo chili chaching'ono kwambiri, pafoni chimaoneka bwino koma mukakatsukitsa chimatuluka chosawala. Zoti mudzatsukitse zitumizidwe ngati Document, kapena mudine HD musanatumize. Chabwino koposa ndi kusunga zenizenizo mu Google Photos. Akaunti iliyonse ya Google ili ndi 15 GB yaulere yogawana ndi Gmail. Pangani alubamu imodzi, tumizani linki kwa abale. Kukweza zithunzi kudikire mukabwerera m'tauni, kunyanja malo ena netiweki imabwera n'kupita. Pa chifukwa chomwecho m'galimoto mukhale laini zonse ziwiri, TNM ndi Airtel, power bank yodzaza ndi tchaja ya m'galimoto. Foni isasiyidwe padzuwa, ikatentha kamera imakana.

Kajambulidwe. Gombe la Chintheche layang'ana kum'mawa. M'mawa dzuwa limatulukira panyanja, ndiye mukawaimika amayi nyanja ili kumbuyo kwawo nkhope imada bii, kumangowala madzi. Chithunzi chimenecho chijambulidwe kuyambira 3 koloko masana, dzuwa litapita kumtunda, likuwala kumaso kwawo. M'mawa ajambuleni chammbali akuyang'ana nyanja. Pakati pa usana jambulirani pamthunzi. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu yofewa, musagwiritse zoom, yandikirani ndi miyendo. Iwo akakhala pampando inunso tsikani kuti foni ifanane ndi maso awo, kujambula kuchokera pamwamba kumamuchepetsa munthu. Ndipo auzeni musanajambule kuti akonze duku. Chithunzi cha mayi akugona kukamwa kuli yasa, kapena akuthandizidwa kutsika galimoto, chisapite ku gulu ngakhale ana achione choseketsa.

Mawu ndi ofunika kuposa zithunzi, ndipo sadya bandulo. Madzulo akapuma, tsegulani chojambulira mawu cha m'foni, iikeni patebulo pafupi nawo kutali ndi mphepo, muwafunse funso limodzi lokha: munabwera liti koyamba kunyanja, munali ndi ndani? Alankhule m'chilankhulo chimene chawabwerera, kaya Chitumbuka, Chitonga kapena Chichewa, musawadule. Mphindi 10 zakwana. Failo ipatsidwe dzina la tsiku ndi malo, isungidwe pamodzi ndi zithunzi.

Kuimba kwa vidiyo kukhale kamodzi patsiku pa nthawi yogwirizana, apo ayi amayi akhala akuyankha mafoni m'malo moona nyanja. Joni ndi Malawi nthawi ndi imodzi. Ngati pali wa ku UK, mu Okutobala ali kumbuyo ndi ola limodzi mpaka Lamulungu lomaliza la mweziwo, kenako maola awiri. Ofuna kudziwa pomwe mwafika atumizireni Live Location, imakhala ya mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Pa Facebook musaike kanthu mpaka mutabwerera, kuopa kulengeza kuti kunyumba kulibe anthu, ndipo funsani kaye eni nkhope.

Dandaulo la amayi lija mankhwala ake ndi pepala. Sankhani zithunzi 20 kapena 30, katsukitseni pa situdiyo za saizi ya 6 kwa 4, chimodzi chachikulu cha pakhoma. Pitani ndi zenizeni za m'foni yojambulira pa fulashi kapena pa chingwe, osati zotengedwa ku gulu. Kuseri kwa chilichonse lembani tsiku, malo ndi mayina onse, chakumphepete, osadinikiza bolopeni. Ikani mu alubamu yamatumba apulasitiki, isungidwe mouma, poti chinyezi cha Mzuzu chimamatitsa zithunzi zikangosanjikizidwa.

Dalaivala wa M1:

Asisi a ku Katoto, za kusintha tsiku ndavomera, ndipo hayala pakati pa sabata imakambika bwino. Koma kuima ola lililonse pa chitunda cha ku Nkhata Bay si paliponse mungaime. Pamakona ayi. Imani pamalo amalonda ngati pa Mpamba, pomwe galimoto imachoka mumsewu yonse, ndipo amayi atsikire mbali yakumanzere. Mukagwirizana ndi mwini galimoto nenani poyera kuti mtengowo ukuphatikiza mafuta kapena ayi, chakudya ndi pogona pa dalaivala ndi za ndani, ndipo galimoto igona komweko. Ena amakusiyani n'kupita kukanyamula anthu, usiku mukafuna kuthamangira kuchipatala palibe.

Mwana wa ku Chibavi:

Zikomo nonse. Tawafunsa ali okha, akuti akufuna Bandawe ndi kuviika mapazi m'nyanja, za Nyika akuti akapite okha a ku Joniwo. Tagwirizana Chintheche, kugona usiku uwiri, sabata yotsatira Anakubala. Mankhwala awo tawerenga: amlodipine, HCTZ, metformin ndi glibenclamide. Kamakina koyezera shuga tilibe. Tigule, kapena tingodalira zizindikiro?

Namwino wa ku Katoto:

Gulani, poti pali glibenclamide. Achikulire ena shuga amatsika popanda thukuta kapena kunjenjemera, amangokhala chete kapena kusinza, inu n'kumati atopa ndi ulendo. M'mafamase a m'tauni muno timapezeka. Onetsetsani kuti timapepala toyezera ndi ta mtundu womwewo wa makinawo, tsiku lake silinathe, ndipo kabotolo kake kazitsekedwa msanga chifukwa chinyezi chimatiwononga. Yezani m'mawa asanadye, musananyamuke, ndi nthawi iliyonse akaoneka mosiyana ndi masiku onse. Asambe m'manja ndi kuumitsa kaye, chala chogwira nthochi chimanamiza makina. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, osati pakati. Popita ku kiliniki kuja mupite nako kuti akuonetseni kagwiritsidwe kake, ndipo mufunse adokotala ngati glibenclamide akadali woyenera pa msinkhu wawowu, chifukwa kwa okalamba nthawi zambiri amasinthidwa ndi mankhwala ena.